Wapambuyo ndiye mwini ulendo

Gulu lathu la pa WhatsApp linayamba ndi anthu 14. Pamene ndikulemba pano tatsala asanu. Dzina la gululo likadali lomwe lija, "Sapitwa Basi", koma amene analipatsa dzinali anatuluka Lachiwiri lapitali, atatisiyira uthenga wamawu wa mphindi zinayi. Mwachidule, anati ine ndatenga ulendo wa anyamata n'kuusandutsa ulendo wa amayi a Mvano. Ameneyo ndi msuweni wanga weniweni, tinakulira limodzi kuno ku Kanjedza, ndipo mpaka lero sitinapatsane moni.

Nkhani inayamba ndi kavidiyo. Wina anaponya pagulupo kavidiyo ka anthu akuyenda m'mapiri a Alps ku Ulaya, pa njira ija amaitcha Tour du Mont Blanc, ya makilomita pafupifupi 170, yodutsa m'mayiko a France, Italy ndi Switzerland. Amayenda tsiku lonse, madzulo n'kufika pa kanyumba ka m'phiri, kumwa supu wotentha, kugona, m'mawa n'kulunjika pa kanyumba kena. Wina analemba kuti, "Koma anzathu akudya moyo." Ine ndinayankha kuti ulendo ngati womwewo uliponso kwathu kuno, ndipo umayambira pa depoti ya ku Limbe. Pamwamba pa phiri la Mulanje pali tinyumba togonamo alendo: Chambe, France's Cottage, Lichenya, ka mpingo wa CCAP, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu. Munthu ukhoza kutha sabata yathunthu ukuyenda kuchoka pa kena kupita pa kena osatsika pansi.

Anthu asanamalize n'komwe kuponya tizithunzi ta moto pagulupo, mawu anamveka kuchokera kuchipinda chinacho. "Achimwene, inenso mundilembe."

Mlongo wangayu ali ndi zaka 23 ndipo wakula ndi mphumu. Ndimakumbukira usiku wina ali wamng'ono, amayi atamubereka kumsana, ine ndikuthamanga patsogolo kukasaka galimoto yoti itifikitse ku Gulupu. Masiku ano mphumuyo inachepa ukali, amayenda ndi kampope kake m'chikwama, koma kukazizira kwambiri kapena pakakhala utsi, chifuwa chimayamba kulira. Ndiye yankho langa loyamba linali lija timapereka tikafuna kukana mwaulemu: "Tiona." Iye anaima pakhomo n'kundiyang'ana. "Tiona wanuyo ndimamudziwa. Anthu akhala akundiuza zomwe sindingathe kuyambira ndili sitandade wanu. Inu mungondiuza zomwe zikufunika."

Tchimo langa la pa Skyline

Ndisanapitirire, ndiulule kaye zanga. Aka sikoyamba kupita ku Mulanje. Zaka ziwiri zapitazo, mwezi wa Julayi, tinanyamuka anyamata atatu Loweruka m'mawa popanda kukonzekera kulikonse. Tinavala majinzi, tinanyamula buledi, Sobo ndi bulangete limodzilimodzi. Pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula tinatenga wotilondolera njira, gaidi monga amanenera kumeneko, n'kusankha njira ya Skyline chifukwa tinamva kuti ndi yachidule yokafikira ku Chambe. Yachidule inde, koma yoimirira ngati khoma.

Mmodzi wa ife anayamba kutsalira. Gaidi anatsala naye. Awirife tinaona ngati akutichedwetsa, ndiye tinadutsa, tikujambulana pa mwala uliwonse. Posakhalitsa chifunga chinatsika. Osati chifunga cha ku Limbe chija umaonabe magetsi a minibasi, ayi, ichi chinameza ngakhale mtengo umene tinali titangoudutsa. Tinafika pamene njira inkaoneka ngati yagawikana, osadziwa kolowera. Tinakhala pa mwala pafupifupi ola lathunthu, majinzi atanyowa, mano akugundana, mpaka tinamva likhweru la gaidi uja akubwera ndi mnzathuyo, atamunyamulira chikwama.

Sanatikalipire. Anangoti, "Achimwene, m'phiri muno mwini ulendo ndi amene ali pambuyo. Iyeyo akafika ndiye kuti nonse mwafika."

Usiku umenewo pa Chambe sitinagone ndi kuzizira, ndipo m'mawa tinatsika michira ili pansi. Koma mawu a bambo uja ndinabwera nawo. Ndiye mlongo wanga atati ndimulembe, ndinazindikira kuti funso silakuti akwanitsa kapena ayi. Funso n'lakuti kodi ifeyo tikwanitsa kukonza ulendo woyezera pa iye? Zonse zimene ndikuuzeni m'munsimu zachokera pa funso limeneli, ndipo zikugwira ntchito kaya wapambuyo wanu ali ndi mphumu, kaya bondo, kaya ndi mimba ya mu ofesi chabe.

Mwezi wake

Choyamba tinakangana za nthawi. Miyezi ya mvula, kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka Epulo, tinaichotsa msanga. Miyala imaterera, ndipo timitsinje timene umadumpha ndi phazi limodzi m'chilimwe timadzaza m'kanthawi kochepa mvula ikagwa kumtunda. Aliyense amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, ku Mulanje, ku Phalombe ngakhale pa phiri la Soche pompano, sakufunika kumulalikira za madzi otsika m'phiri.

Juni ndi Julayi kumakhala kouma, koma ndiyo miyezi yozizira kwambiri. Mpweya umazizirirapo madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene wakwera, ndipo tinyumba tambiri tili pa mamita oyandikira 2,000. Usiku wina kumagwa chisanu choumitsa udzu. Ndi nthawi yomweyonso imene chiperoni chimakonda kubwera. Chiperoni chimenechi, chomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kuno kutauni chimangotivutitsa ndi zovala zosauma pa chingwe. M'phiri chikhoza kukutsekerani m'kanyumba masiku awiri kapena atatu.

Seputembala ndi Okutobala kumafunda, koma ndi nyengo ya moto wolusa ndi utsi, ndipo utsi ndi mdani wa chifuwa cha mlongo wanga. Choncho tinagwirizana za sabata yomaliza ya Ogasiti: kuzizira kutayamba kuchepa, moto usanafike poipa. Msuweni wanga ankafuna Julayi, pa tchuti cha pa 6, kuti asadye masiku ake a kuntchito. Apo m'pamene mng'alu unayambira.

Njira yake, tsiku ndi tsiku

Pulani ya msuweni inali ya masiku atatu: kukwera mpaka Chisepo tsiku limodzi, Sapitwa tsiku lachiwiri, kutsika lachitatu. Umboni wake unali mpikisano wa Porters Race, umene umachitika chaka ndi chaka m'nyengo yozizira. Anyamata onyamula katundu amathamanga makilomita oposa 20, kukwera phiri n'kutsika, opambana n'kumaliza maola atatu asanakwane. Ndinamuuza kuti anthu amenewo phirilo ndi ofesi yawo. Ife ofesi yathu ili ndi mpando wozungulira.

Lamulo limene tatsatira n'lakuti maola amene gaidi watchula, ife tiziwonjezerapo theka lake. Akati anayi, tilembe asanu ndi limodzi. Ndiye pulani yathu ili motere.

Tidzanyamuka ku Limbe masana pa minibasi yodzera msewu wa Midima, kutsika pa Chitakale, n'kukwera kabaza wanjinga yamoto mpaka ku Likhubula. Tidzagona kumunsi komweko, malo ogona alipo, kuphatikizapo a mpingo wa CCAP. Ena anati n'kuwononga ndalama. Koma kuyamba kukwera 6 koloko m'mawa n'kosiyana kwambiri ndi kuyamba 11 koloko utatopa kale ndi minibasi yodikira kudzaza.

Tsiku loyamba tidzakwera kupita ku Chambe kudzera njira ya Chapaluka, osati Skyline. Ndi yotalikirapo koma yosaimirira kwambiri, imatsata mtsinje, ndipo imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Tsiku limeneli munthu umakwera mamita pafupifupi 1,000, choncho ndilo lidzatiuze zoona za miyendo ndi zifuwa zathu. Malipiro ake ndi kudzuka m'mawa moyang'anizana ndi nsonga ya Chambe, imene mbali yake ya kumadzulo ndi chikhoma cha mwala chotchuka kwa okwera miyala a m'mayiko ambiri.

Tsiku lachiwiri tidzachoka ku Chambe kupita ku Chisepo, kanyumba kamene kali m'tsinde mwa Sapitwa. Lachitatu ndi la Sapitwa, kwa amene adzadzuke ali bwino, n'kubwerera kudzagonanso pa Chisepo. Lachinayi ndi lopepuka dala, Chisepo mpaka Thuchila, kuti miyendo ipume. Lachisanu tidzadutsa pa Chinzama kupita ku Sombani, ndipo tikadzaona kuti dzuwa latipitirira tidzagona pa Chinzama pomwepo. Lachisanu ndi chimodzi tidzatsikira ku Fort Lister, pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Mchese, pamene Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Kuchoka pamenepo ndi Phalombe, kenako minibasi yobwerera.

Pamwamba pa masiku amenewa tawonjezerapo limodzi lopanda ntchito. Aliyense wapempha tchuti chophatikizapo tsiku limenelo, ndipo chakudya chake tidzanyamula. Ndi tsiku la chiperoni, kapena la bondo, kapena la chifuwa. Anthu ambiri amene amapanga zisankho zoipa m'phiri si opusa ayi, amakhala kuti Lolemba akufunika kuntchito.

Pa kanyumba kalikonse tafunsanso kuti zitavuta tingatsikire kuti. Kuchokera ku Chambe umabwerera ku Likhubula. Ku Thuchila kuli njira yotsikira ku mbali ya msewu wa Phalombe. Pa Chisepo palibe chidule, kulikonse kumene ungalowere pamatenga maola ambiri kuti ufike pamene galimoto ingakupeze. N'chifukwa chake tinaika lamulo limene linathamangitsa msuweni wanga: m'mawa wa tsiku lachiwiri, pa Chambe, ngati chifuwa cha mlongo wanga, kapena thupi la wina aliyense, silili bwino, tonse tikutsika. Palibe zoti awiri apitirire, wodwala atsike ndi wonyamula katundu. Msuweni anafunsa kuti, "Ndiye ndalama zanga zipite chifukwa cha chifuwa cha munthu wina?" Ndinamuyankha kuti eya. Mwina ndikanayankha mofatsa kuposa pamenepo.

Za Sapitwa

Sapitwa ndi nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, mamita 3,002. Kuchokera pa Chisepo pamatsala mamita pafupifupi 800 okwera, ndipo si njira yoyenda manja ali m'thumba. Pali miyala yosalala yofuna kukwawa, pali mapanga opanikiza, pali malo amene chifunga chikabwera sudziwa kumene wachokera. Kupita ndi kubwera limatha tsiku.

Phirili latengapo anthu. Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands anapita yekha cha ku Sapitwa ndipo sanapezekenso mpaka lero. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitirira yekha, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri. Onsewa anali achinyamata amphamvu zawo ngati inu ndi ine. Sindikunena izi kuti muope. Anthu ambirimbiri amafika pa Sapitwa chaka chilichonse n'kubwerako bwinobwino, ali ndi gaidi, atanyamuka m'mamawa, ndipo atavomereza kubwerera nyengo ikakana.

Ife tagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, Sapitwa si ngongole. Amene adzafune kutsala pa Chisepo adzatsala, ndipo sadzatsala yekha. Chachiwiri, tili ndi ola lobwerera: ikadzakwana 11 koloko tisanafike pamwamba, tidzatembenuka, ngakhale chipilala cha pansongapo chikuoneka apo. Ola limeneli timaligwirizana tili pansi, mitu ili bwino, chifukwa kumtunda mtima umanama.

Kanyumba si hotela

Apa ndi pamene kavidiyo ka ku Alps kangakupusitseni. Kumeneko tinyumba tambiri timaphika chakudya, timagulitsa zakumwa, ndipo malo umasungitsa pa intaneti miyezi ingapo ulendo usanafike. Ku Mulanje zinthu n'zosavuta koma n'zouma. Umapeza nyumba ya matabwa kapena ya miyala, malo osonkhapo moto, chimbudzi chokumba panja, madzi a mumtsinje, ndi mlonda amene amasamala pamalopo, kukupezerani nkhuni ndi madzi. Magetsi kulibe, golosale kulibe. Chimene sunanyamule, ulibe.

Tinyumba tambiri tili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo bungwe la Mountain Club of Malawi lakhala likuthandiza kutisamala kwa zaka zambiri. Mamembala ake amakhala ndi makiyi a mosungira ziwiya. Ife amene si mamembala tiyenera kufunsiratu pa Likhubula kuti pa kanyumba kalikonse tikapezako matiresi ndi mapoto kapena tinyamule zathu. Funsaninso ngati pali gulu lalikulu, la sukulu kapena la mpingo, limene lidzakhaleko masiku anu omwewo. Safunsa anadya phula.

Kwa mlongo wanga, kanyumba kali ndi vuto limodzi: moto umene umatifunditsa ndi womwewo umene umatulutsa utsi. Anapita kukaonana ndi dokotala wake, osati kufunsa pa Facebook, ndipo anabwerako ndi malangizo ake: timipope tiwiri, kamodzi kazikhala m'thumba la malaya osati pansi pa chikwama, kansalu kophimba kukamwa ndi mphuno kukazizira, ndi kugona kutali ndi moto. Tonse asanu taphunzira chochita chifuwa chikamugwira. Ngati pagulu panu pali wa shuga, wa BP kapena wa khunyu, chitani chimodzimodzi, ndipo gaidi adziwe musananyamuke. Kubisa matenda kuti asakusiyeni n'kuika anzanu pamoto.

Anthu amene adzatinyamule

Gaidi ndi onyamula katundu amapezeka pa Likhubula, ali ndi bungwe lawo ndi ndondomeko ya kagawanidwe ka ntchito. Musatenge munthu wongokuimitsani pamsewu chifukwa watchula mtengo wotsika. Ife tidzatenga gaidi mmodzi ndi onyamula katundu atatu. Pachiyambi anyamata ena pagulu ankati kunyamulitsa chikwama ndi zachizungu. Koma ufa, mpunga ndi ndiwo za anthu asanu za sabata yathunthu si zoseweretsa, ndipo munthu wotopa ndi katundu ndi amene amaterereka. Komanso ndalama imeneyo imatsala m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, imalipira fizi ya mwana wa winawake.

Chimene ndikupempha n'chakuti tiziwaona ngati anthu, osati ngolo. Mugwirizane malipiro a tsiku musananyamuke, onse akumva. Mufunse za chakudya chawo, chifukwa ambiri amafuna kagawo ka malipiro poyamba kuti agule ufa ndi ndiwo. Musadzaze chikwama mpaka inu eni kulephera kuchidzutsa pansi kenako n'kupatsa mnzanu kuti akwere nacho phiri. Ndipo popeza ife tikutsikira ku Fort Lister, kutali ndi kumene tinawatenga, ndalama yawo yobwerera kwawo ndi yathu kulipira. Gaidi akati lero sitikwera, nkhani yatha. Njira zina zinasintha ndi zigumukire za Freddy, ndipo mapu a pa foni sadziwa zimenezo. Iye amadziwa.

Za m'chikwama

Simukufunika zovala za madola. Zathu zambiri tagula pa kaunjika mu msika wa Limbe: majuzi awiriawiri, jekete yosalowa madzi, chipewa cha ulusi, magolovesi, masokosi okhuthala mapeyala atatu. Jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa siuma ndipo imakuba kutentha kwa thupi. Nsapato zikhale zogwira pansi, ndipo muziyambe kuvala mwezi wathunthu ulendo usanafike. Nsapato yatsopano ndi fakitale ya matuza. Thumba logonamo, lija amati sleeping bag, ndilo lovuta kupeza. Ife awiri tabwereka, atatu agula pa kaunjika pomwepo atasakasaka milungu itatu. Zovala zogonera muzikulunge m'jumbo musanaziike m'chikwama, kuti ngakhale mvula ikupezeni mukhale ndi chouma chovala usiku.

Chakudya tawerengera tsiku ndi tsiku, osati mongoganizira. M'mawa phala la ufa wa mgaiwa lothira chiponde, ndi tiyi. Masana zinthu zosafuna moto: mtedza wokazinga, mbatata yophikiratu, buledi masiku oyamba, masikono ouma masiku otsatira. Madzulo nsima kapena mpunga, ndiwo zake usipa wouma, nyama ya soya, anyezi ndi tomato wochepa. Nyemba tazisiya, zimadya nkhuni ndi nthawi. Mchere, shuga, mafuta ophikira m'kabotolo kotseka bwino, machesi m'kachitini. Madzi a m'phiri ndi ozizira komanso oyera, komabe tidzanyamula mankhwala othira m'madzi akumwa, chifukwa kutsegula m'mimba pa Chisepo si nthabwala.

Tochi aliyense yake, ya pamutu ngati mungaipeze. Bandeji, pulasitala, mankhwala opha ululu, ndi Thanzi ORS. Za foni, iwalani zoti muzidzaponya zithunzi ola lililonse. Netiweki imapezeka pa zitunda zina, kwina kulibiretu, ndipo kuzizira kumamaliza batire msanga. Pawabanki imodzi tidzaisunga osaigwiritsa ntchito, ya pangozi basi. Zinyalala zathu zonse tidzatsika nazo.

Chinanso: m'phirimo ndi kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi. Odula mitengo mozemba ndi moto anaumaliza pafupifupi wonse waukuluukulu, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala wina. Mukaona timitengo tating'ono m'mbali mwa njira, musathyole kuti mupeze ndodo. Ndipo ndudu kapena khala limodzi lotayidwa mu udzu wa Ogasiti likhoza kupsereza ntchito ya zaka khumi.

Ndalama

Sindilemba mitengo pano, chifukwa mmene kwacha ikuyendera, pofika Ogasiti mudzanditcha wabodza. Imbani ku Likhubula kapena funsani gaidi wanu sabata yomweyo. Koma mitu yake ndi iyi: thiransipoti yopita ndi yobwera, malo ogona kumunsi, chiphaso cholowera m'nkhalango, kanyumba pa munthu pa usiku uliwonse, gaidi ndi onyamula katundu pa tsiku, kangachepe kothokoza mlonda wa kanyumba kalikonse, chakudya, ndi ndalama ya pangozi yokwanira kubwereka galimoto kuchoka m'tsinde mwa phiri kukafika kuchipatala. Munyamule ndalama zogwirika, zosinthasintha. Mlonda wa pa Thuchila sangakubwezereni chenji ya K5,000, ndipo Airtel Money kapena Mpamba popanda netiweki ndi manambala chabe.

Ife tinasankha msungichuma n'kuyamba kusonkha mwezi ndi mwezi kuyambira Epulo, ngati chipereganyu. Kunena zoona, ndi chosonkha choyamba chimene chinatichotsa pa 14 kutifikitsa pa 7. Sindikuwaseka, zinthu zavuta kwa tonse. Koma kuli bwino munthu atuluke pa WhatsApp kusiyana n'kutulukira pa depoti, mutawerengera kale kuti agawana nanu mtengo wa gaidi.

Amayi

Chovuta kuposa zonse sichinali njira kapena ndalama. Amayi athu kwawo ndi ku Phalombe, anakula phirilo likuwayang'ana tsiku lililonse, ndipo sanalikwerepo. Titawauza, anasiya kusankha mpunga n'kundiyang'ana. "Iwe, dzina lake lomwe likukuuza kuti sapitwa. Ukufuna ukaone chiyani kumeneko, ndi mwana wodwaladwalayu?"

Anatikumbutsa zimene ankamva kwa agogo: kuti m'phirimo muli mizimu ya makolo, kuti sumayendamo mwachipongwe, kuti ukapeza chakudya chokonzakonza panjira umadya osaitana mnzako. Kale ndikanaseka. Koma mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu chinali chomwechi, kuti kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe phirili ndi malo opatulika. Kaya inu mumakhulupirira za mizimu kaya ayi, anthu amene akhala m'tsinde mwake zaka mazanamazana anagwirizana chinthu chimodzi: kumeneko sukupita ngati mwini. Gaidi uja ananena zomwezo m'mawu ena.

Sindinatsutsane nawo amayi. Ndinatenga pepala n'kulemba tsiku lililonse, kanyumba kamene tidzagone, nambala ya gaidi, ndi tsiku limene akapanda kumva za ife ayambe kuimba mafoni. Ndinawafotokozera lamulo la pa Chambe. Anawerenga pepalalo kawiri, n'kulipinda, n'kuliika m'Baibulo lawo. Kenako anati, "Mwana wangayu upite naye, ubwere naye. Za nsongazo sindikufuna kumva." Ndinati, "Ndamva, amayi." Mlongo wanga anali kukhitchini, koma ndikudziwa kuti ankamvetsera, chifukwa mpopi unali utatsekedwa.

Loweruka lapitali

Kuyambira Meyi, Loweruka lililonse timakwera phiri limodzi la mu Blantyre muno, zikwama zili kumsana, muli mabotolo a madzi kuti zilemere. Tinayamba ndi Soche chifukwa ili pakhomo, kenako Ndirande, kenako Michiru. Timapita pagulu, m'mamawa, ndipo amene ali pambuyo ndi amene amatchula nthawi yopuma. Masabata oyamba mlongo wanga ankaima pafupipafupi, kampope kali m'manja. Sanadandaulepo. Anangoyamba kudzuka 5 koloko masiku a ntchito n'kumazungulira Kanjedza yense wapansi ine ndili m'bulangete.

Loweruka lapitali pa Soche, chapakati pa chitunda, bondo langa lakumanzere linayamba kulankhula. Ndinayesa kubisa, koma ndinapezeka kuti ndatsalira, anzanga anayi ali kumtunda. Nditakweza maso ndinaona mlongo wanga wakhala pa mwala, akundidikira, botolo la madzi atalitsegula kale. "Musathamange, achimwene," anatero. "Lero mwini ulendo ndinu."

Ndiye mawa ndikupita kukaonetsa bondoli, ndipo pa mndandanda wa katundu ndawonjezerapo ndodo. Msuweni wanga ndamutumizira pepala lomwe lija ndinapatsa amayi, ndi mawu oti malo ake akadalipo mpaka pa 31 Julayi, tsiku lotseka chosonkha. Timizere tiwiri tasanduka tabuluu, koma sanayankhe. Ndikadzabwerako mu Seputembala ndidzakuuzani pa tsamba lomwe lino kuti tinafika pati, ngakhale kutakhala kuti ndi pa Chambe pokha.